Mmene Japan inagwetsera atsamunda ku Vietnam, ndi amene anatola mpandowo

Pa 2 Seputembala 1945, tsiku lomwe akuluakulu a Japan ankasaina chikalata chogonja m'sitima yankhondo ya America pagombe la Tokyo, chinamtindi cha anthu chinasonkhana pabwalo la Ba Dinh mumzinda wa Hanoi. Pansanja ya matabwa panaima bambo wowonda wa kandevu kapachibwano, amene ambiri mwa iwo anali asanamuonepo. Analengeza kuti Vietnam tsopano ndi dziko lodzilamulira. Bamboyo anali Ho Chi Minh.

Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, kagulu komwe lero kamatengedwa ngati chiyambi cha asilikali a dzikolo kanali ndi anthu 34 okha. Ho sanagonjetse Afalansa pankhondo kuti aime pansanja ija, ndipo sanagonjetsenso Ajapani. Asilikali a France anali m'ndende za Ajapani. Ajapaniwo anali phee m'makampu awo, mfuti zonse zili m'manja, akudikira odzawalanda zida. Mpando wa boma unali wopanda mwini, ndipo amene anamuchotsapo mwini wakeyo ndi Japan. Magulu ofuna ufulu analipo ambiri, koma lomwe linautola mpandowo ndi la Ho, ndipo chifukwa chachikulu chagona pa mpunga.

Dziko limodzi lodulidwa patatu

Afalansa anayamba kulanda malowa mu 1858 ndipo pofika 1884 anali atamaliza. Sanawalamulire ngati dziko limodzi. Kummwera kunali Cochinchina, komwe kuli Saigon ndi mathiriro a mtsinje wa Mekong, ndipo uko France inkalamulira yokha mwachindunji. Pakati panali Annam, kumpoto Tonkin. Zigawo ziwirizi ankati n'zongotetezedwa, monga Angelezi ankanenera za Nyasaland. Mfumu ya banja la Nguyen inatsala pampando ku Hue, koma mawu omaliza anali a mkulu wa Chifalansa wokhala tsidya lina la mtsinje. Pamodzi ndi Laos ndi Cambodia, zonsezi zinkatchedwa Indochina, pansi pa bwanamkubwa mmodzi.

Boma linkadyera mlimi. Kuwonjezera pa msonkho wa mutu, Paul Doumer, yemwe anakhala bwanamkubwa kuyambira 1897, anaika malonda a mchere, mowa ndi opiyamu m'manja mwa boma lokha, moti wotcheza kachasu wa mpunga kuseri kwa nyumba ankamangidwa. Oukira analipo. Mu 1930 chipani cha VNQDD, chosakhala chachikomyunizimu, chinaukira ku Yen Bai, koma atsogoleri ake anadulidwa mitu ndipo otsala anathawira ku China, komwe anakhala zaka khumi ndi zisanu kutali ndi midzi yakwawo.

Pa chakudya, kumpoto ndi kummwera kunali kosiyana kwambiri. M'chigwa cha mtsinje wa Red River ku Tonkin anthu anali othithikana, timinda tili tating'ono, ndipo ngakhale chaka cha mvula yabwino zokolola zinkangokwanira pakamwa. Ku Mekong mpunga unkatsala wambiri wogulitsa kunja. Kumpoto n'kumene kunali malasha, ku migodi ya Hon Gai. Choncho malasha ankapita kummwera, ndipo chaka cha njala mpunga unkakwera kumpoto. Zimenezi zinkadalira njanji imodzi ya Hanoi mpaka Saigon, yotalika makilomita oposa 1,700, ndi sitima zoyenda m'mbali mwa nyanja.

Khosi limodzi, magoli awiri

France itagwa m'manja mwa Germany mu Juni 1940, Indochina inatsala ngati mwana wamasiye. Japan inali pankhondo ndi China kuyambira 1937, ndipo mafuta, magalimoto ndi zida za boma la China la Chiang Kai-shek zinkatsikira padoko la Haiphong n'kukwera njanji yopita ku Kunming. Tokyo inauza bwanamkubwa Georges Catroux kuti atseke njirayo, ndipo anatseka. Boma la Vichy, logwirizana ndi Germany, linamuchotsa n'kuika Jean Decoux, mkulu wa asilikali apamadzi. Pa 22 Seputembala 1940 Afalansa anavomera kuti asilikali 6,000 a Japan akhale ku Tonkin ndi kugwiritsa ntchito mabwalo angapo a ndege. Usiku womwewo gulu lina la Ajapani lochokera kummwera kwa China linadumpha malire n'kuthira nkhondo ku Lang Son, ngati pangano kulibe. M'masiku ochepa tauniyo inagwa.

Mu Julayi 1941 Ajapani analowanso kummwera, ndipo apa ndi pomwe nkhani ya Indochina inakhudza dziko lonse. America inatsekera chuma cha Japan m'mabanki ake n'kuleka kuigulitsa mafuta, zomwe zinafulumizitsa kuphulitsidwa kwa doko la sitima zankhondo za America la Pearl Harbor mu Disembala. Ndege zomwe zinamiza sitima zazikulu za Britain, Prince of Wales ndi Repulse, pa 10 Disembala 1941 zinanyamukira kummwera kwa Indochina. Ku Saigon ndiko kunali likulu la asilikali a Terauchi Hisaichi, omwe analanda Malaya, Singapore ndi Burma. Ndi gulu lankhondo lomwelo lomwe asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakakumana nalo m'nkhalango za Burma mu 1944.

Ku Malaya ndi ku zilumba za Indonesia Ajapani anatsekera azungu m'makampu. Ku Indochina sanatero, ndipo chifukwa chake chinali cha ndalama. Afalansa akapitiriza kutolera msonkho, kuyendetsa njanji ndi kugwira oukira, Japan sinkafunika asilikali ambiri olondera. Pamwamba pa izo boma la atsamunda linkalipira zokhalira za asilikali a Japan m'ndalama yamumo ya piastre, ndipo kuti likwanitse linkangosindikiza ina, mitengo ya zinthu n'kumakwera. Decoux naye anali ndi maganizo ake: mlendo ndi mame, nkhondo ikatha Ajapani adzakamuka ndipo mbendera ya France idzakhala isanatsike. Anthu a ku Vietnam amaitchula nthawi imeneyi kuti khosi limodzi, magoli awiri.

Apolisi a Chifalansa sanafooke ngakhale pang'ono. Makomyunisiti a ku Cochinchina ataukira mu Novembala 1940, Decoux anawatumizira ndege zoponya mabomba m'midzi, anthu masauzande anamangidwa, ndipo atsogoleri monga Nguyen Van Cu ndi mayi Nguyen Thi Minh Khai anaomberedwa chaka chotsatira. Ajapani, omwe pawailesi ankalalikira kuti Asia ndi ya anthu a ku Asia, anangoonerera. Kalonga Cuong De wa banja lachifumu la Vietnam, yemwe anakhala zaka zambiri ku Japan akudikira kuti amuike pampando, sanamubweretse n'komwe. Pofuna kuti achinyamata asakopeke ndi Ajapani, Decoux anayambitsa magulu a masewera ndi a perete m'dziko lonse, pansi pa Maurice Ducoroy, n'kulembanso anthu amumo ambiri ntchito za boma. Achinyamata ophunzitsidwa kuguba ndi kumvera likhweru amenewo ndi omwe anadzadza misewu mu Ogasiti 1945, atanyamula mbendera ina.

Kuphanga la Pac Bo

Ho anachoka ku Vietnam mu 1911 akugwira ntchito kukhitchini ya sitima yapamadzi. Anakhala ku France, ku Moscow ndi ku China, ndipo mu 1930 anasonkhanitsa makomyunisiti a kwawo kukhala chipani chimodzi ku Hong Kong. Kumayambiriro kwa 1941 anawoloka malire wapansi n'kukhazikika kuphanga la Pac Bo m'mapiri a Cao Bang. Mu Meyi chaka chomwecho chipanicho chinakhazikitsa mgwirizano wotchedwa Viet Minh.

Chomwe anasankha pamsonkhano umenewo n'chofunika kuposa dzina. Anaika pambali nkhani yolanda minda ya eni malo olemera, yomwe mu 1930 inawadanitsa ndi anthu ambiri, n'kutsala ndi mfundo imodzi, ufulu wa dziko. Aliyense anali ndi polowera: bungwe la alimi, la amayi, la achinyamata, la okalamba, onse otchedwa opulumutsa dziko. Pansi penipeni panali timagulu ta anthu ochepa tosadziwana, kuti wina akagwidwa n'kuzunzidwa asakhale ndi maina ambiri oti aulule. Anayambira pakati pa mitundu ya kumapiri, a Tay ndi a Nung, kuphunzitsa anthu kuwerenga ndi kusindikiza kanyuzi pogwiritsa ntchito mwala wosalala.

Zinthu sizinkayenda msanga. Ho anamangidwa ku China mu Ogasiti 1942 n'kukhala m'ndende zosiyanasiyana kupitirira chaka. Afalansa anasesa Cao Bang, kutentha midzi ndi kuika mtengo pamitu ya atsogoleri. Kagulu ka anthu 34 kaja anakakhazikitsa pa 22 Disembala 1944 ndi Vo Nguyen Giap, yemwe kale anali mphunzitsi wa mbiri yakale ku Hanoi, ndipo ntchito yake yoyamba inali kukopa anthu, kumenya nkhondo kunali kwachiwiri. Patangopita masiku ochepa anavala ngati alonda a boma n'kulanda timapolisi tiwiri, ku Phai Khat ndi Na Ngan, kuti apeze mfuti. Mphamvu yawo inali imeneyo, pomwe kuchigwa njala inali itayamba kale.

Mmene njala inapangidwira

Njala ya 1945 sinabwere ndi nyengo yokha. Inamangidwa pang'onopang'ono, ndipo mbali iliyonse ili ndi mwini wake.

Mwa mapangano a 1941, Indochina inkayenera kutumiza mpunga ku Japan ndi kwa asilikali ake chaka chilichonse, ndipo mu 1943 unafika pafupifupi matani miliyoni imodzi. Wambiri unkachokera kummwera. Koma kumpoto nako boma la Decoux linalamula kuti mlimi azigulitsa ku boma gawo la mpunga wake, lowerengedwa potengera kukula kwa munda osati zomwe wakolola, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wakumsika. Akuluakulu a m'mudzi ndiwo ankatolera. Amene munda wamukanika ankakagula mpunga pamtengo wokwera kuti akaupereke ku boma pamtengo wotsika, ndipo ambiri anagulitsa njati zolimira ndi minda kuti akwanitse. Mpunga wotoleredwawo unkapita m'nkhokwe ziwiri: za Ajapani, ndi za Afalansa omwe ankasungira tsiku lomwe America idzatsitse asilikali pagombe.

Kenako panali mbewu zokakamiza. Japan, itasiya kupeza ziguduli za ku India, inafuna jute yopangira masaka, thonje, mtedza ndi nsatsi zoyengera mafuta a makina. Minda yomwe inatengedwa sinali yaikulu poyerekeza ndi madambo onse a mpunga, koma nthawi zambiri inali ija ya m'mbali mwa mitsinje yomwe anthu ankadzalamo chimanga, mbatata ndi nyemba, zakudya zowolokera miyezi yovuta. Ku Tonkin amakolola mpunga kawiri, cha mu Meyi ndi cha mu Novembala, ndipo banja losauka limadutsa pakatipo ndi mbewu zimenezi.

Kumapeto kwa 1944 anamondwe otsatizana anaomba gombe la kumpoto, madzi n'kumiza mpunga wa mu Novembala, womwe ndi wochuluka mwa zokolola ziwirizo. Kenako kunabwera chisanu choopsa. Amalonda ataona mitengo ikukwera tsiku ndi tsiku, ndalama ya pepala ikutha mphamvu, anatsekera mpunga m'nyumba zawo.

Chaka china chilichonse mpunga wa ku Mekong ukanakwera. Koma ndege za America zinali zikuphulitsa milatho ya njanji ndi kutchera mabomba polowera doko la Haiphong, ndipo pa 12 Januwale 1945 tsiku limodzi lokha zinamiza sitima zoposa 40 m'mbali mwa gombe. Njanji ija inali ya mzere umodzi, ya milatho yambirimbiri. Mlatho umodzi ukagwa, katundu ankatsitsidwa, kuwolotsedwa pabwato n'kukwezedwanso. Mabogi otsala ankagwidwa ndi asilikali. Kummwera malasha atasiya kufika, mpunga ndi chimanga zinkatenthedwa m'makina opangira magetsi. Palibe mwa olamulira awiriwo amene anaika kutumiza chakudya kumpoto patsogolo pa nkhondo yake.

Anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi masamba a m'tchire. Midzi ya m'zigawo za Thai Binh ndi Nam Dinh inatsala mabwinja, anthu akuyenda wapansi kulowera ku Hanoi ndi ku Haiphong, komwe m'mawa uliwonse ngolo zinkatolera mitembo m'misewu kukaikwirira m'maenje aakulu. Imfa zinachuluka kwambiri pakati pa Malichi ndi Meyi 1945. Ho pansanja ija anati anafa ndi anthu oposa mamiliyoni awiri. Akatswiri ambiri a mbiri amati pafupifupi miliyoni imodzi.

Usiku wa pa 9 Malichi

Njala ili pachimake, boma lomwe linkayenera kuithetsa linasowa. Paris inali itamasulidwa mu Ogasiti 1944, boma la Vichy kulibenso, ndipo Charles de Gaulle, mtsogoleri wa boma latsopano la France, anali atayamba kutumiza nthumwi zachinsinsi kwa asilikali a ku Indochina. Chinsinsicho chinali cha pamsika. Ajapani, ataona America yalanda Philippines, anaopa kuti asilikali ake akatsika pagombe Afalansa adzawabaya kumsana.

Madzulo a pa 9 Malichi 1945 kazembe Matsumoto Shunichi anapatsa Decoux maola awiri kuti aike asilikali onse a France pansi pa ulamuliro wa Japan. Decoux anafuna kukambirana. Usiku womwewo makampu anazingidwa m'dziko lonse ndipo m'masiku awiri ambiri anali atagwa. Ku Lang Son akaidi mazana anaphedwa, ndipo Jenerale Émile Lemonnier anadulidwa mutu atakana kusaina chikalata chogonja. Asilikali oposa 5,000 otsogoleredwa ndi Sabattier ndi Alessandri anathawa wapansi kudutsa m'mapiri mpaka ku China. Ulamuliro wa zaka makumi asanu ndi atatu unatha m'maso mwa anthu omwe ankauopa, ndipo apolisi achinsinsi omwe ankadziwa makomyunisiti ndi maina anali m'chitolokosi.

Ajapani anauza mfumu Bao Dai kuti ilengeze ufulu, ndipo inatero pa 11 Malichi. Mu Epulo katswiri wa mbiri Tran Trong Kim anakhala nduna yaikulu. Boma lake limanyozedwa kuti linali chidole, koma silinali la anthu opusa kapena akuba: linaika chinenero chamumo m'sukulu m'malo mwa Chifalansa, linamasula akaidi a ndale, linayesa kutumiza mpunga kumpoto, ndipo mu Ogasiti linakakamiza Ajapani kubweza Cochinchina kuti dziko likhale limodzi. Vuto lake linali lakuti linalibe unduna wa zankhondo, mawu ake sankafika kumidzi, ndipo aliyense ankaona kuti mthunzi womwe lakhalapo ndi wa mtengo wogwa.

Viet Minh inachita changu. Pa 12 Malichi akuluakulu a chipani, motsogoleredwa ndi Truong Chinh, anatulutsa malangizo akuti mdani tsopano ndi Japan yekha, ndipo nthambi iliyonse ikaona mpata iukire osadikira lamulo lochokera kumwamba. Mfuu yawo inali yakuti thyolani nkhokwe, thetsani njala. Kagulu ka anthu ochepa a mfuti kankatsogolera mudzi wonse kunkhokwe ya boma kapena ya mwini malo, kuopseza alonda, kuthyola chitseko, kugawa mpunga, kenako n'kusankhitsa komiti ya mudzi pomwepo. Mpunga wopezeka mwanjira imeneyi sunathetse njala. Inachepa chifukwa cha zokolola za mu Meyi ndi Juni. Koma mlimi wotsala wamoyo anali ataona yekha amene anatseka nkhokwe ndi amene anaitsegula. Pofika Juni zigawo zisanu ndi chimodzi za kumapiri zinali m'manja mwawo, likulu lili ku Tan Trao.

America nayo inathandiza, ngakhale pang'ono. Kugwa kwa Afalansa kunaisiya yopanda maso ku Indochina, ndipo anthu a Ho ankapereka nkhani za nyengo ndi za kayendedwe ka Ajapani, komanso kupulumutsa oyendetsa ndege ogwetsedwa. Pa 16 Julayi kagulu ka bungwe la ukazitape la OSS, kotsogoleredwa ndi Allison Thomas, kanatsika pamaparachuti pafupi ndi Tan Trao n'kuyamba kuphunzitsa anthu osankhidwa kugwiritsa ntchito mfuti zatsopano. Zidazo zinali zochepa. Phindu lenileni linali loti anthu aone kuti opambana nkhondo ali kumbali ya Ho.

Masabata awiri a Ogasiti

Japan inagonja pa 15 Ogasiti, msanga kuposa mmene aliyense ankayembekezera. Asilikali odzalanda Ajapani zida anali kutali, ndipo mpata unali wa masabata ochepa. Pa 17 Ogasiti ogwira ntchito m'boma anachititsa msonkhano wochirikiza boma la Kim kutsogolo kwa nyumba ya zisudzo ku Hanoi. Anthu a Viet Minh analanda maikolofoni n'kutsitsa mbendera yofiira ya nyenyezi yachikasu kuchokera pakhonde lam'mwamba. Pa 19 khamu lochokera m'midzi yozungulira, ambiri atanyamula zikwanje ndi nsungwi zosongola, linalanda nyumba ya woimira mfumu, ofesi ya mzinda ndi kampu ya alonda a boma. Akasinja a Japan anafika, panakhala kukambirana, ndipo anabwerera. Ajapani anangosunga banki ya Indochina ndi nyumba ya bwanamkubwa. Komiti ya ku Hanoi inachita zonsezi lamulo la ku Tan Trao lisanaipeze, asilikali a Giap akadali ku Thai Nguyen. Malangizo a mu Malichi aja ndi omwe anagwira ntchito.

Hue inatsatira pa 23, Saigon pa 25. Bao Dai anatula ufumu n'kupereka lupanga ndi chidindo chachifumu kwa nthumwi za boma latsopano pa 30 Ogasiti, zomwe kwa anthu wamba zinatanthauza kuti ulamuliro wasamutsidwa mwamwambo. Pa 2 Seputembala Ho anayamba mawu ake ndi chiganizo cha m'chikalata cha ufulu wa America cha 1776, chakuti anthu onse analengedwa ofanana, kenako cha m'chikalata cha ufulu wa munthu cha France. Ankalankhula kwa khamulo, koma khutu lomwe ankalifuna linali ku Washington. Makalata omwe analembera Pulezidenti Truman pambuyo pake sanayankhidwe.

Masiku amenewo sanali a chisangalalo chokha. Anthu a Viet Minh anapha omwe ankawatcha ogulitsa dziko, ndipo dzinalo linkavala aliyense wopikisana nawo: Pham Quynh yemwe anali nduna ya mfumu, Ta Thu Thau mtsogoleri wa gulu lina la makomyunisiti, otsatira Trotsky, ndi Ngo Dinh Khoi, mkulu wake wa Ngo Dinh Diem yemwe anadzalamulira kummwera. Chidani chomwe chinadzagawa dzikolo chinayambira pamenepa.

Mzere wa 16

Pamsonkhano wa ku Potsdam, ku Germany, mu Julayi opambana nkhondo anali atagwirizana kale, popanda kufunsa munthu wa ku Vietnam, kuti kumpoto kwa mzere wa 16 wa pamapu Ajapani adzalandidwa zida ndi China, kummwera ndi Britain. Zotsatira zake zinasiyana ngati usana ndi usiku.

Jenerale Douglas Gracey anafika ku Saigon pa 13 Seputembala ndi asilikali a ku India ndi a Gurkha. Anakana kuzindikira komiti ya Viet Minh, yomwe kummwera inali yofooka kale chifukwa mipingo ya Cao Dai ndi Hoa Hao inali ndi anthu ndi zida zakezake. Anamasula akaidi a Chifalansa n'kuwapatsa mfuti, ndipo pa 23 Seputembala iwowo analanda maofesi a boma akumenya anthu m'misewu. Pobwezera, anthu a Chifalansa pafupifupi 150, kuphatikizapo amayi ndi ana, anaphedwa ku Cité Héraud, dera la mumzinda wa Saigon. Popeza asilikali ake anali ochepa, Gracey analamula Ajapani ogonja aja kuti amenyane ndi Viet Minh. Jenerale Leclerc anafika mu Okutobala ndi asilikali ochokera ku France.

Kumpoto Jenerale Lu Han wa ku China analowa ndi asilikali oposa 150,000, anjala ndi olanda, m'dziko lomwe linali litangomizidwanso ndi madzi osefukira a Red River. Anabwera ndi andale a VNQDD aja, koma sankafuna Afalansa, choncho boma la Ho analisiya. Boma limenelo linapeza mosungira ndalama muli mbee. Linathetsa msonkho wa mutu, linatsegula makalasi a usiku ophunzitsa kuwerenga, linapempha banja lililonse kusala chakudya kamodzi pa masiku khumi kuti mpungawo upite kwa anjala, ndipo linalamula kudzala mbatata ndi chimanga paliponse pomwe pali dothi. Pa sabata yosonkha golide anthu anapereka mphete ndi ndolo zolemera makilogalamu pafupifupi 370, ndipo gawo lina linagulira mfuti kwa asilikali a China omwewo. Pofuna kuwatsitsa mtima, mu Novembala chipani cha chikomyunizimu chinalengeza kuti chadzithetsa, chikupitiriza ntchito mobisa, ndipo pachisankho cha pa 6 Januwale 1946 otsutsa anapatsidwa mipando 70 osavoteredwa.

Kenako China inagulitsa boma la Ho kwa Afalansa. Pa 28 Febuluwale 1946 inavomera kuchoka, France itabweza madera omwe inkalamulira ku Shanghai ndi m'mizinda ina ya China. Ho anatsala ndi njira ziwiri, kumenya nkhondo asanakonzeke kapena kugula nthawi. Pa 6 Malichi anasaina pangano ndi Jean Sainteny: France izindikira Vietnam ngati dziko laufulu la boma, nyumba ya malamulo ndi asilikali ake, koma mkati mwa mgwirizano wa France, asilikali 15,000 a France alowa kumpoto n'kumachoka pang'onopang'ono m'zaka zisanu, za Cochinchina padzachitika riferendamu. Ambiri ku Hanoi anamunena kuti wagulitsa dziko.

Panganolo linafera pa Cochinchina, komwe kunali mpunga ndi minda ya labala. Pa 1 Juni, Ho ali paulendo wokakambirana ku France, woimira France ku Indochina, Thierry d'Argenlieu, anakhazikitsa boma lapadera la Cochinchina popanda riferendamu. Zokambirana za ku France zija, zomwe zinachitikira ku Fontainebleau, sizinaphule kanthu. Ho ali kunja, Giap anaphwanya VNQDD yomwe inali itatsala yopanda Matchaina oiteteza. Pa 20 Novembala mkangano wa yemwe ali ndi mphamvu yotolera msonkho padoko la Haiphong unabala kuomberana, ndipo pa 23 mizinga ya France, ina ya pasitima, inaphulitsa madera okhala anthu amumo. Ziwerengero za ofa zimayambira pa mazana angapo mpaka 6,000. Pa 19 Disembala 1946, nthawi ya 8 koloko usiku, magetsi a mu Hanoi anazimitsidwa ndipo Viet Minh inathira nkhondo. Omenya ake anagwira mbali yakale ya mzindawo miyezi iwiri, akuboola makoma kuti azidutsa nyumba ndi nyumba, pomwe boma linkabwerera kumapiri komwe linachokera.

Nkhondoyo inatha zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu. Inasintha Mao Zedong, mtsogoleri wa makomyunisiti a ku China, atapambana kwawo mu 1949 n'kuyamba kupereka mizinga kwa Viet Minh, America nayo n'kuyamba kulipirira France, yomwe inkamenya ndi asilikali ambiri ochokera ku Morocco, Algeria ndi kuzambwe kwa Africa. Linga la Afalansa la ku Dien Bien Phu linagwa m'manja mwa Viet Minh pa 7 Meyi 1954. Ku Geneva mu Julayi dzikolo linadulidwanso pakati, ati mongoyembekezera chisankho cha 1956 chomwe sichinachitike, ndipo mzere watsopanowo unali wa 17, makilomita pafupifupi 110 kumpoto kwa uja wa ku Potsdam.